Mfuti Sinalire pa Manda a Bambo

Nsipe, 2025

Ana anga, nonse mukudziwa kuti pa maliro a agogo anu mfuti sinalire, ndipo mukudziwanso kuti amene anailetsa kulira ndine. Zimenezi ena a inu munaziona ndi maso, ena munazimva kuchigayo ndi kutchalitchi, aliyense akuthirako mchere wake. Kwa ine simunamveko kanthu, chifukwa nkhaniyi ikangoyambika ine ndimaizemba. Tsopano ndakula, maso ayamba kuchita chifunga, ndiye ndati ndilembe ndekha ndisanayambe kusokoneza maina anu. Koma simungaimvetse ndisanakuuzeni za ntchito imene ndinagwira moyo wanga wonse, ntchito imene mayi anu mpaka lero amavutika kuifotokoza anzawo akawafunsa. Ine ndinali wodzaza zipolopolo za anthu ochita mpikisano wowombera chandamale. Za ubwana wanga ndizisiya, munali mbuzi ndi matekenya basi.

Sharpevale, 1980

Ndinayamba ntchito ndevu zitangomera kumene, pa famu ya thonje ndi ng'ombe kufupi ndi Sharpevale. Mwini wake anali mzungu wa mtima wapachala, ife tinkamutcha Chipewa chifukwa sankachivula ngakhale pakudya. Ulimi ankangouchita kuti apeze chodya, mtima wake wonse unali pa mfuti. Komatu sankasaka nyama ayi. Iye ndi anzake ankakhoma pepala lojambulidwa mizere yozungulira kutali uko m'tsinde mwa phiri, n'kugona chafufumimba tsiku lonse kulimbirana kuti ndani aboole pakati penipeni. Wopambana ankalandira chikho chimene sungamwere ndi madzi omwe. Tsiku lina anatiimika antchito tonse pamzere n'kuyamba kutinunkhiza zala mmodzimmodzi. Atafika pa ine anati, “Iwe, fodya ayi?” Ndinati, “Ayi bwana, kwathu ndife a tchalitchi.” Basi, ntchito ndinaipeza motero. Musadzanamize ana anu kuti agogo awo anasankhidwa chifukwa cha nzeru. Ndinali ndekha wosasuta pa famu yonse.

Ntchito yake inali iyi. Chipolopolo chikawombedwa, mutu wake umapita, koma khoko lake la mkuwa limagwa pansi lopanda kanthu. Anthu a mpikisano sataya makoko amenewa, ndipo zipolopolo za m'sitolo sazikhulupirira. Amafuna zodzaza pamanja, zofanana ngati mapasa, kuti chilichonse chiziuluka monga chinzake. Ndiye ine ndinkatola makokowo, kuwatsuka, kuwapukuta, ndi kuwazunguza pa zala limodzilimodzi kufufuza mng'alu. Kenako kuika fataki yatsopano, kabatani kaja ka kumbuyo kamene kamayatsa moto, kuyeza wonga pa kasikelo kamene kankagwedera ukangopumira pafupi, n'kutsendera mutu watsopano ndi makina a chogwirira. Chipewa anali ndi malamulo ake: patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha wonga, ndipo poyeza osalankhula, osayankha munthu ngakhale woitanayo akhale iye mwini. Tsiku lina anandiitana dala ali panja, ine n'kuyankha mwaulemu kuti, “Wawa bwana!” Ha! Anandimasulitsa zipolopolo zonse zimene ndinadzaza kuyambira m'mawa, iye atakhala pampando akundiyang'ana. Kuyambira pamenepo ndikakhala pa sikelo ngakhale njuchi indilume sindinkatsegula pakamwa.

Pakhoma la chipinda chodzaziramo panali chitsulo cha mfuti chong'ambika ngati nthochi yosenda. Nditafunsa, Chipewa anandiuza kuti inali gogodela ya mlonda wake wakale, mfuti ya kumudzi ija yothira wonga kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo. Mlondayo anatapa wonga wa mpikisano n'kuthira m'gogodela yakeyo kuti akaphere nguluwe. Ndinati, “Nanga munthuyo ali kuti bwana?” Anati, “Alipo. Dzanja palibe, diso limodzi palibe.” Ndiye anathira mitundu iwiri ya wonga pa mbale kuti ndiione. Wa kumudzi ndi wakuda ngati makala osinja. Wa mpikisano ndi timitengo ting'onoting'ono tonga mtima wa pensulo woduladula, ndipo ukatsekeredwa m'chitsulo mphamvu yake gogodela singaipirire. N'chifukwa chake wonga wotayikira patebulo, umene tinkati wosesa, sunkabwereranso m'chitini. Unkapita kwa mkulu wa m'dimba kuti akaumwaze m'maluwa n'kuthirira madzi.

Sharpevale, 1984

Agogo anu, a Ngozo, anali munthu wa ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi njinga, jasi lalitali, chifuwa chosatha, ndi mtima wosafuna kupepukidwa. Mng'ono wawo, bambo aang'ono a Lufeyo, ndiwo ankasunga gogodela ya banja lathu. Kwathu mwamuna wamkulu wa banja akamaikidwa, mfuti imeneyo imalira kamodzi pamanda, bokosi litangotsika. Inalira pa agogo anga, inaliranso pa bambo awo a agogo angawo. Ndiye bambo atamva kuti ndikugwira ntchito ya mfuti, Nsipe yense anamva. Pamsika, pachitsime, pakhomo la tchalitchi, nkhani inali imodzi: “Filimoni wanga ndi wamfuti kwa azungu.” Ndikabwera kumudzi n'kunena kuti ine sindiwombera, ankaseka n'kumati mwanayu ndi wodzichepetsa.

Tsiku lina la mpikisano bambo ndi bambo aang'ono anatsetsereka pa njinga kuchokera ku Nsipe osandiuza, atavala majekete, kutentha kwa kuchigwa kuja. Ine ndinali pa ntchito yanga ya masiku otere, kukwawa ndi maondo kumbuyo kwa owombera, chitini m'manja, kutola makoko m'fumbi asanapondedwe. Khoko lina lotentha linandigwera m'khosi n'kulowa m'malaya. Ndinadumpha ndikudzipapasa ngati wagwidwa ndi linthumbwi, azungu onse gwedegwede ndi kuseka. Nditatembenuka ndinangoona bambo ataima pa waya, chipewa chawo chili m'manja, bambo aang'ono pambali pawo. Abale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Bambo aang'ono, amene pakamwa pawo sipanakhalepo ndi chitseko, anati, “Achimwene, si munati mwanayu ndi wamfuti? Ameneyutu akutola ngati nkhuku.”

Bambo anadikira mpaka owombera atapita kukadya, ndiye anati, “Tandionetsa kumene umagwira ntchito.” Ndinawalowetsa m'chipinda chija, ndinadzaza chipolopolo chimodzi iwo akuona, ndipo nditamaliza anachitenga n'kuchitembenuza kangapo. “Ndiye zonse zakhala zikulira kunjaku zatuluka m'manja mwakomu?” Ndinati, “Inde bambo.” Nkhope yawo inamasuka pomwepo. “Lufeyo, wamva? Popanda mwanayu, azungu onsewa angogona chafufumimba ngati abuluzi, popanda cholira.” Anandichotsa manyazi ndi mawu amenewo, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. Koma sanalekere pomwepo. Anagwira chitini cha wonga n'kunena kuti, “Tsiku langa likadzafika, Lufeyo, gogodela ija idzalire ndi wonga wa mwana wanga. Anthu adzamve kusiyana kwake.”

Ndinati, “Bambo, wonga uwu si wa gogodela. Ungaphulitse mfuti.” Anati, “Wonga ndi wonga, iwe.” Ndinawalozera chitsulo chong'ambika cha pakhoma chija n'kuwafotokozera za mlonda. Bambo aang'ono anachiyang'ana, anachigogoda ndi chikhadabo, n'kutsonya. “Iyi inali mfuti ya pamsika, yosula dzulodzuloli. Yathu ija inabwera ndi makolo, yaona nkhondo.” Ndinabwerezanso, iwo n'kuyamba kukamba za mtengo wa thonje. Kuyambira chaka chimenecho bambo ankabwera ku famu kawirikawiri, ankacheza ndi antchito anzanga, makamaka mkulu wa m'dimba uja amene nayenso anali wa ku Joni. Pa Khirisimasi iliyonse nkhani ya wonga inkabwera, ine n'kukana, iwo n'kuseka. Ndinkaganiza kuti ndi nthabwala ya nkhalamba, idzatha yokha.

Lilongwe, 1994

Chipewa atagulitsa famu n'kubwerera kwawo, makina ake anawasiyira kalabu ina ya owombera kunja kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo ine ndinapita nawo limodzi ngati kuti ndinali chitsulo china cha makinawo. Kumeneko mabwana anali ambiri, azungu, amwenye ndi Amalawi, aliyense ndi mfuti yake ndi dandaulo lake. Munthu akaboola pakati ndiye kuti diso lake ndi lakuthwa. Akaphonya, “Ngozo, wandidzazira chiyani lero?” Panali wina wamimba, amene akagona pansi miyendo inkatsala m'malere, ankandikakamiza kuti ndimuwonjezere wonga ati chipolopolo chifike mphepo isanachione. Ndikakana ankakandinenera kwa wapampando kuti ndine wamwano. Apampando nawo ankasinthana ngati malaya, wina akufuna ndizivala yunifomu, wina akuti yunifomu ndi kuwononga. Inu ana akuluakulu mukukumbukira nyumba ya zipinda ziwiri ija ya kuseri kwa kalabu, ndi mmene mayi anu ankakuthamangitsirani m'nyumba mfuti zikayamba. Zaka zimenezo ndinaphunzira kumva mfuti ya munthu aliyense ndi khutu lokha, komanso kukhala chete bwana akamanama za mphepo.

Bwanje, 2006

Mwa mabwana onsewo, amene ananditenga ngati munthu anali a Chimwaza, mwini malole, amene anali ndi malo m'chigwa cha Bwanje. Atatsegula bwalo lawo lowomberapo m'tsinde mwa phiri kumeneko, ndi chilolezo chonse cha boma, anandipempha kuti ndibwerere kwathu kuno ndizikawadzazira. Ankanditcha madala ngakhale tinkasiyana pang'ono. Mayi anu anapeza kamunda ka mpunga kusikimu ya ulimi wothirira, ine ndinagula njinga, ndipo Loweruka lopanda mpikisano ndinkakwera ku Nsipe kukaona bambo, amene chifuwa chija chinali chitayamba kuwagoneka. Zinali zaka zabwino, ndilibe nazo dandaulo.

Bwanje ndi Nsipe, 2012

Chaka chimenecho mukuchikumbukira nonse. Mafuta a galimoto kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, shuga pamzere. Wonga wa mpikisano ndi fataki zimachokera kunja, ndiye kwa ife kunali chilala chenicheni. Makoko ndinkawadzaza mobwerezabwereza mpaka kukamwa kwake kuyamba ming'alu, ndipo lililonse limene ndataya a Chimwaza ankalitolanso m'zinyalala n'kundifunsa kuti, “Madala, ili silingapirire kamodzi kokha?” Ndinkati ayi, iwo n'kuusa moyo. Mu Febuluwale munali mpikisano waukulu pa bwalo lathu, anthu ochokera m'mizinda yonse. Chitini chomaliza cha wonga ndinkachipendeketsa ngati mayi wokokota mafuta ophikira.

Foni inalira ndili pa sikelo. Sindinaiyankhe. Nditamaliza ndinapeza kuti anali bambo aang'ono, ndipo nditaimba anangoti, “Filimoni, achimwene atisiya. Ubwere ndi wonga uja.” Ndinakhala pansi kaye. Kenako ndinati, “Bambo, ndikubwera, koma wonga uja sindibwera nawo. Ndifunafuna wa kumudzi.” Anadula foni. Ndinazungulira pa njinga midzi ya m'chigwa kufunsa wonga wakuda, koma nkhalamba imene inkaupanga inali itamwalira, ndipo wotsala umene ena anali nawo unali utanyowa ndi mvula. Mfuti za mpikisano sizituluka pabwalo popanda chilolezo, komanso bambo aang'ono sakanalola mfuti yachilendo pamanda a mkulu wawo. A Chimwaza anandipatsa thumba la mpunga n'kundikweza lole yawo ndi timafuta tawo totsala. Nditafika pasiwa, bambo aang'ono anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ananso manja anga. Ndinadziuza kuti basi zatha, mfuti silira, anthu andinena kuti ndine woumira, ndipirira.

Tsiku loika maliro mvula inali itangokata. Amuna anavina ngoma ndi zishango pabwalo, akuimba nyimbo zija za mawu a makolo amene ife sitiwamvanso bwino, amayi a mvano nawo anaimba zawo. Kumanda abusa anapemphera, adzukulu anatsitsa bokosi, abusa n'kubwerera m'mbuyo monga amachitira kwathu kuno, kusiyira banja mwambo wake. Ndipo ndinaona bambo aang'ono akutulukira pakati pa anthu, chikopa kumutu, gogodela m'manja. Anaiimika pansi, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Analankhula mokweza kuti onse amve. “Achimwene ankamudziwa mwana wawo kuti dzanja lake ndi louma. Ndiye anadzisungira okha. Uwu ndi wonga wa Filimoni, wa ku famu kuja. Ankawapatsa pang'onopang'ono mnzawo wa m'dimba. Wakhala patsindwi zaka zonsezi kudikira lero.” Anthu ananong'onezana mokondwa, ena n'kumandiyang'ana akugwedeza mitu.

Bambo aang'ono anathira wongawo m'chikhatho, chodzaza tho, monga amayezera wonga wa kumudzi. Ndinali pafupi, ndinauona bwinobwino: timitengo tija, tosakanikirana mitundu, wonga wosesa weniweni. Muyeso umenewo ine ndikanadzazira zipolopolo zambirimbiri. Mwina unali utafa ndi ukalamba, mwina ukalambawo unauwonjezera ukali, panalibe munthu akanadziwa. Ndinasendera, ndinagwada m'matope pafupi ndi miyendo yawo, ndinanong'ona. “Bambo, chonde, musathire. Ndikupemphani. Mfutiyi ikuphulikirani kumaso.” Anati, “Choka apa.” Ndinati, “Bambo, taonani anthu ali pafupi, adzukulu ali m'mphepete momwemu.” Anati, “Unakana kupereka, tsopano ukufuna kukananso za mwini wake? Choka, usandichititse manyazi.” Anathira kukamwa kwa mfuti, anatsendera kansanza ndi kamtengo kake, anaika fataki, n'kuyamba kuikweza. Dzanja lawo lamanzere linagwira chitsulo pamalo penipeni pamene ya mlonda ija inang'ambikira, tsaya lawo likutsamira pamtengo.

Sindikukumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndikukumbukira kuti ndinaimirira n'kugwira mfutiyo ndi manja awiri, chala changa chachikulu nditachilowetsa pansi pa kanyundo kake kuti kasagwe. Iwo anakoka, ine ndinakoka. Anali munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ine mwamuna wa mphamvu zanga. Ndinapotoza, manja awo anapulumuka, ndipo anagwa chokhala m'matope, chikopa chija n'kuvuka kumutu n'kugubuduzikira m'mphepete mwa dzenje. Ana anga, chithunzi chimenecho sichinandichokepo m'maso. Bambo anga aang'ono, mutu wa imvi uli pamtunda, miyendo ili tambalale m'matope, pamanda a mkulu wawo, wowagwetsa ndine. Ndinachotsa fataki, ndinathamangira pa mgolo wa madzi amene adzukulu anakonzera kusamba m'manja, ndinaiviika gogodela ya makolo anga m'menemo, n'kutunganso ndi kapu kuithira kukamwa mpaka madzi atasefukira.

Ngakhale amayi amene ankalira analeka. Kenako mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, “Mayo ine! Mwana wagwetsa bambo ake pamanda!” Amuna awiri anawadzutsa bambo aang'ono n'kumawapukuta matope ndi masamba. Bambo aang'ono sananditukwane, bola akananditukwana. Anangotola chikopa chawo, anayang'ana m'dzenje n'kunena motsitsa kuti, “Achimwene, ndayesetsa. Pitani choncho.” Adzukulu anayamba kukwirira, ndipo chimene chinamveka ndi makasu okha. Pamene a banja tinkaponya dothi, anthu anandipatukira mbali zonse ngati ndaponda zonyansa. Ndinaponya dothi langa ndekha, malaya ali chinyowere, m'manja mukununkha wonga.

M'mawa mwake akuluakulu a banja anandikhazika pansi. Ndinagwada, ndinapepesa chifukwa chowagwetsa, ndipo mbuzi imene ananditchulira ndinaipereka popanda kutsutsa. Koma atandiuza kuti ndivomere kuti ndinalakwa kuletsa mfuti, ndinati chimenecho sindingathe. Ndinafotokoza zonse, za mlonda, za chitsulo chong'ambika. Bambo aang'ono anandimvetsera mpaka kumapeto, ndiye anandifunsa, akunditchula inu koyamba m'moyo wawo. “Inu a Ngozo, munaionapo gogodela ikuphulika ndi maso anu?” Ndinati, “Ayi, ndinaona imene inaphulika kale.” Anati, “Inali yathu?” Ndinati, “Ayi.” Anati, “Ndiye mukudziwa bwanji kuti yathu ikanaphulika?” Ndinati, “Sindikudziwa, bambo. Ndinaopa.” Anatembenukira kwa akuluakulu aja. “Mwamva. Achimwene apita ngati mwana wakhanda chifukwa munthu anaopa.” Nditatambasula dzanja kuti tigwirane chanza monga mwa mwambo wothetsa mlandu, iwo anapinda manja awo pachifuwa. Mbuzi inadyedwa, koma iwo sanalaweko.

Loweruka la sabata yomweyo unali mpikisano uja. Ndikanatha kupempha kuti ndisapite, koma zipolopolo zinali zisanathe kudzazidwa, ndipo kumudzi kunalibe amene ankafuna kundiona. Ndinabwerera ku Bwanje, ndinakhala pa sikelo, ndinamaliza. Tsiku la mpikisano mfuti zinayamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, phuu, phuu, phiri lonse likuyankha. Wonga wanga, wotuluka m'manja mwanga, ukulira tsiku lathunthu chifukwa cha pepala lokhomedwa pathabwa, pamene bambo anga amene anaupempha kamodzi kokha anapita duu. Ndinkakwawa kutola makoko misozi ikugwera m'chitini, ndikunamizira fumbi. A Chimwaza anapambana tsiku limenelo. Anabwera ndi chikho chawo akuseka, anandikumbatira n'kunena kuti, “Madala, zipolopolo zanu zimayenda ngati zili ndi maso!” Ndinati zikomo bwana, ndinapita kuseri kwa chipinda chodzaziramo, ndipo ndinalira kulira kumene ndinalephera kumanda.

Nsipe, 2025

Ndinapuma ntchito mu 2019, manja atayamba kunjenjemera pa sikelo. Ndinamanga kuno ku Nsipe ngakhale mayi anu ankati tikhale kuchigwa kumene anthu sadziwa nkhaniyi. Pano akuidziwa onse. Pa maliro ndimakhala kumbuyo, ndipo nkhani ya mfuti ikayamba pagulu, ndimaona anthu akugundana zigongono. Gogodela ija inachita dzimbiri m'kati, sinalirenso pa maliro a wina aliyense. Mwambo umene unadutsa mibadwo yonse ija unathera m'manja mwanga, mu mgolo wa adzukulu, ndipo manyazi ake ndimadzuka nawo tsiku lililonse. Mukandifunsa ngati ikanaphulikadi, yankho langa ndi lomwe lija: sindikudziwa. Mukandifunsa ngati ndingachitenso, inde ndingachitenso, kungoti ndingayesetse kuti nkhalamba isagwe pansi.

Agogo anu aang'ono a Lufeyo alipo, mukudziwa, akalamba zedi koma ali gwa. Amakhala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu, amaluka madengu ndi malichero n'kumagulitsa kwa a galimoto. Chichokereni tsiku lija sanandiyankhepo moni. Inu muziwapatsa moni, muziwagwadira, ndipo akakuuzani kuti bambo anu ndi munthu wamantha amene anawagwetsa m'matope, musatsutse, akunena zoona.

Lachisanu lapitali ndinadutsa pamenepo popita kumsika. Ndinaima monga ndimachitira nthawi zonse, ndinavula chipewa, ndinati, “Mwaswera bwanji bambo?” Ndinatambasulanso dzanja. Analiyang'ana pang'ono ndi maso awo awiri aja, amene mpaka pano salira magalasi, n'kubwerera ku ntchito yawo. Dzanja lamanzere linagwira mkombero wa dengu, lamanja likulowetsa nsungwi, zala zikuthamanga ngati za mnyamata. Ndinabweza dzanja langa m'thumba. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu ndikuyang'ana zala zimenezo, kenako ndinapita kukagula tomato amene mayi anu anandituma.